Kamakina koyezera chinyezi m'mbewu, kabwino koma kamaopa dzuwa

Abale kamakina kaja ndinagula ku Limbe kakugwira ntchito ndithu. Umathira mapira m'kakapu kake, kutseka, kudina batani basi nambala yatuluka, ndiye kamasunga zonse nkumajambula mzere pa foni uziona mmene mbewu ikuumira tsiku ndi tsiku. Ine ndinazolowera zoluma ndi mano ngati agogo, akati khwa ndiye auma, koma kanandichititsa manyazi, kanawerenga chinyezi cha 17 peresenti pomwe zosunga m'thumba zimafunika cha m'ma 13. Ndinayanikanso masiku awiri.

Vuto ndi dzuwa lathu la ku Ngabu kuno, ukangokaiwala panja masana sikirini imada bii manambala osaoneka. Muziyezera pamthunzi, komanso mbewu yongochotsa kumene pamkeka iyambe yazizira kaye apo ayi kamanama.