Opaleshoni yokweza nsidze ndi kakamera: yabwino, koma yang'anani kaye pamene tsitsi lanu layambira

Zipatala zapulayiveti za ku Johannesburg, London ndi Istanbul zimagulitsa opaleshoni iyi ndi dzina la endoscopic brow lift. Inayamba kuchitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo inabwera kudzachepetsa njira yakale yocheka mutu kuchokera khutu ili kukafika khutu linalo. Maganizo athu ndi akuti imagwira ntchito bwino kwa munthu amene nsidze zake zatsika pang'ono kapena mwapakatikati, tsitsi lake lakutsogolo lili lokwanira, ndipo chipumi chake si chachitali. Kwa munthu amene tsitsi lakutsogolo linatha kale ndi mesh ndi malukidwe okoka kwambiri, njirayi ikhoza kukonza maso n'kuwononga chipumi, ndipo zotsatsa malonda sizitchula zimenezi.

Nsidze zimatsika chifukwa cha mpikisano wa minofu. Wokweza ulipo umodzi wokha, frontalis, womwe unayala pachipumi. Otsitsa alipo angapo: corrugator amene amapanga mizere iwiri yoimirira pakati pa nsidze, procerus wa pamwamba pa mphuno, ndi mnofu wozungulira diso. Frontalis safika bwino kumchira kwa nsidze, choncho mbali yakunja ndi imene imayamba kugwa, n'kukankhira khungu pachikope. Munthu amayamba kukweza nsidze tsiku lonse osadziwa, makwinya opingasa amazama, ndipo pofika madzulo chipumi chimalemera.

Musanalipire chilichonse, imani pagalasi. Tsinzinani, masulani chipumi, kenako tsegulani maso osakweza nsidze. Pamene zaima pamenepo ndiye malo ake enieni. Kwa amayi zimayenera kukhala pamwamba pang'ono pa fupa la diso, kwa abambo pafupa penipenipo. Tsopano kwezani nsidze ndi chala. Khungu lolendewera likachoka, vuto ndi nsidze. Likatsala, ndiye kuti pachikope pachuluka khungu, ndipo imeneyo ndi opaleshoni ina, yochotsa khungu la pachikope, yotchedwa blepharoplasty. Ngati m'mphepete mwa chikope mukuphimbabe mboni ya diso, ndiye kuti mnofu wotsegula diso wafooka, ndipo kukweza nsidze sikuthandiza. Dokotala wabwino amachita mayeso omwewa pamaso panu, ndipo amene akukupatsani tsiku la opaleshoni atangoona zithunzi za pa WhatsApp walumpha gawo lofunika kuposa onse. Komanso nsidze kapena chikope chikagwa mwadzidzidzi mbali imodzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chikhoza kukhala chizindikiro cha matenda a mitsempha.

Opaleshoniyo imatenga ola limodzi kapena awiri. Ambiri amagonekedwa tulo, ena amangopatsidwa mankhwala owodzeretsa ndi jakisoni wochititsa dzanzi. Dokotala amacheka malo atatu mpaka asanu m'kati mwa tsitsi, lililonse sentimita imodzi kapena awiri. Pabowo limodzi amalowetsa kamera yopyapyala ya mamilimita pafupifupi 4, pa ena zipangizo zake, ndipo amasenda chipumi chonse kuchichotsa pafupa mpaka kufika m'mphepete mwa mafupa a maso. Apa ndi pamene pagona luso lonse. M'mphepetemo muli nembanemba yolimba imene imamangirira nsidze kufupa, ndipo ikapanda kumasulidwa yonse, nsidze zimabwerera pansi m'miyezi yochepa ngakhale atakoka chotani. Akamasula, amafooketsa corrugator ngati mizere ya pakati ndi yozama, kenako amakweza chipumi n'kuchigwiriziza kuti chimatirire pamalo atsopano. Ena amaboola kangalande pachigaza n'kumangapo ulusi, ena amaika tizomangira tating'ono, ena kachipangizo ka mano kotchedwa Endotine kamene kamasungunuka m'thupi pakapita miyezi ingapo. Kameneka kamagwira bwino, koma kwa munthu wa khungu lopyapyala kamamveka ngati kanjere pansi pa tsitsi mpaka katatha. Funsani njira imene akagwiritse ntchito musanalowe m'chipinda cha opaleshoni.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Zipsera ndi zazing'ono ndipo zimabisala m'tsitsi. Dzanzi la pamutu limakhala locheperapo poyerekeza ndi njira yakale, chifukwa mitsempha yambiri ya pamenepo siidulidwa. Maso amatseguka, ndipo amene khungu linkawatchinga poyang'ana m'mwamba kapena cha m'mbali amaona kusintha tsiku ndi tsiku. Dziwani kuti kukwera kwake ndi kwa mamilimita owerengeka okha, koma pankhope mamilimita atatu kapena anayi ndi ambiri.

Tsopano nkhani ya tsitsi. Njira ya kamera siichotsa khungu, imangosunthira chipumi chonse m'mwamba ndi m'mbuyo, ndipo mzere wa tsitsi umasuntha nawo. Amayi ambiri akwathu amafika zaka 45 kapena 50 tsitsi la kutsogolo ndi la m'mbali litathothoka chifukwa cha zaka zambiri zoluka mokoka, kumata ma wigi ndi guluu, ndi mankhwala owongola tsitsi. Pamutu wotere zinthu ziwiri zimalakwika. Chipumi chimene chinali chachikulu kale chimawonjezeka, ndipo zipsera zimene zimayenera kubisala zimakhala poyera popeza palibe tsitsi loziphimba. Pozungulira bala lililonse tsitsi limathanso kuthothoka ngati khungu linakokedwa kwambiri kapena mizu inapsa ndi chipangizo choumitsa magazi. Nthawi zambiri limameranso pakapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, koma mizu imene inafooka kale siichedwa kugonja. Kwa chipumi chachitali, njira yocheka m'mphepete mwenimweni mwa tsitsi ndi imene imayenera, chifukwa amachotsa khungu la pachipumi ndipo mzere wa tsitsi sukwera. Mpeni amaupendeketsa kuti tsitsi lidzamere kupyola m'chipsera. Kuipa kwake ndi chipsera chachitali, ndipo apa pamalowa funso lina lokhudza khungu lakuda: zipsera zofufuma zomwe madokotala amati keloid. Ngati munabooletsa makutu n'kutuluka chotupa cholimba, kapena chipsera cha opaleshoni yobereka chinakula kupitirira bala, muonetseni dokotala chipseracho ndi maso ake. Pachifukwa chomwechi, njira yocheka pamwamba penipeni pa nsidze, ngakhale imakweza molondola kwambiri, timaiona yoyenera makamaka abambo achikulire a nsidze zowirira ndi anthu amene mbali imodzi ya nkhope inafa.

Mavuto ena amachokera ku mitsempha iwiri. Woyamba, supraorbital, umatuluka pafupa la diso masentimita pafupifupi 2.5 kuchokera pakati pa chipumi, ndipo ndi umene umachititsa kuti mumve kukhudza pachipumi ndi pamutu. Ukakokedwa pamabwera dzanzi, kenako kuyabwa kovutitsa pamene ukuchira, kwa milungu kapena miyezi. Musakande, ndipo musayandikize chowumitsira tsitsi chotentha, poti mukhoza kupsa osamva. Wachiwiri ndi nthambi ya mtsempha woyendetsa nkhope, imene imadutsa kuchokera kutsogolo kwa khutu kupita pamwamba pa mchira wa nsidze. Ikavulala nsidze ya mbali imeneyo siikwera. Kawirikawiri imadzukanso yokha, koma ikaduka ndiye kuti zatha, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi ikufuna munthu amene amaichita kawirikawiri. Cholakwika china chofala ndi kukweza kwambiri pakati pa nsidze m'malo mwa kumchira, zomwe zimasiya munthu akuoneka wodabwa nthawi zonse. Palinso ngozi pamene nsidze ndi zikope zachitidwa tsiku limodzi: khungu la chikope likachotsedwa lochuluka, diso silitsekeka bwino usiku ndipo limauma. Nsidze ziyambe kukwezedwa, kenako ayeze khungu lotsala pachikope.

Kuchira kuli motere. Kutupa kumakula pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, n'kutsikira m'maso, ndipo kumachepa kwambiri pofika milungu iwiri. Gonani mutu uli pamapilo awiri kapena atatu. Ulusi kapena timawaya amachotsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 10. Musaweramire pansi, musasenze katundu, ndipo masewera olimbitsa thupi adikire milungu itatu kapena inayi. Kuluka, mankhwala a tsitsi ndi wigi yothina zidikire milungu isanu ndi umodzi, kapena mpaka dokotala avomereze. Osuta asiye fodya milungu inayi kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike, chifukwa chikonga chimafinya timitsempha ta magazi ndipo bala limachedwa kupola. Za mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga aspirin ndi warfarin, komanso mankhwala azitsamba, muuzeni dokotala, koma musasiye nokha mankhwala amene munalemberedwa. BP ikhale yosakwera, chifukwa ikakwera magazi amaundana pansi pa khungu. Kutupa kolimba kwa mbali imodzi kokula msanga, ndi ululu woonjezeka, kumafuna dokotala usiku womwewo.

Botox, jakisoni wofooketsa minofu kwakanthawi, imakweza mchira wa nsidze milimita imodzi kapena awiri kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo ndi njira yabwino yoonera ngati nkhope yokwezedwa ingakusangalatseni. Ikabayidwa yambiri pachipumi imachita zosiyana, imagwetsa nsidze. Ulusi wokokera pansi pa khungu sitikuulimbikitsa kwa munthu amene nsidze zagwadi, poti sumasula chilichonse pafupa ndipo mphamvu yake siikhalitsa.

Pa mitengo yophatikiza opaleshoni, hotelo ndi galimoto yokutengani ku bwalo la ndege, chofooka chake ndi chisamaliro cha pambuyo. Madokotala amalangiza kudikira masiku 7 mpaka 10 musanakwere ndege mukachitidwa opaleshoni ya kumaso, ndipo zinthu ngati nsidze zosiyana kutalika zimaoneka bwino pakatha miyezi itatu, inu muli kale ku Lilongwe kapena ku Leeds. Pepala la mtengo lilembe poyera malipiro a dokotala, a wogonetsa tulo, a chipinda cha opaleshoni, a kachipangizo kogwirizira, maulendo okaonedwanso, ndi amene adzalipire ngati padzafunika kukonzanso. Ku South Africa fufuzani dzina la dokotala m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko, muone ngati analembetsedwa ngati katswiri wa plastic surgery. Ku Britain yang'anani specialist register, kaundula wa akatswiri wa GMC, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko, ndipo ku England chipatalacho chikhale cholembetsedwa ku CQC, bungwe loyendera zipatala. Medical aid ndi NHS, chithandizo cha zaumoyo cha boma la Britain, sizilipira opaleshoni yongokongoletsa, koma nthawi zina zimaganizira pempho ngati mayeso a maso asonyeza kuti khungu likutchingadi kuona. Pomaliza kukambirana, pemphani zithunzi za odwala ake a khungu ndi tsitsi ngati lanu, zojambulidwa patatha chaka, tsitsi atalikokera m'mbuyo kuti mzere wake ndi zipsera zioneke.