Youlean Loudness Meter 2: ndemanga yanga kwa ojambula nyimbo m'zipinda kuno ku Tete

Anzanga ojambula nyimbo ku Angónia, ku Tsangano, ku Moatize mpaka mu mzinda wa Tete, ndati ndikuuzeni za Youlean Loudness Meter 2, pulagini (kapulogalamu koika mkati mwa pulogalamu yojambulira nyimbo) yomwe ndakhala nayo kuyambira dzinja lathali. Ine ndimajambula makwaya a mipingo ndi anyamata a afro ndi hip hop m'kachipinda kanga ku Vila Ulónguè, pa laputopu yakale ya Windows ndi FL Studio. Yomwe ndikunenayi ndi yaulere ija, ya ndalama sindinagule.

Musayembekeze kuti ikometsa nyimbo. Siikhudza mawu ngakhale pang'ono, ntchito yake ndi kuyeza kukwera kwa mawu basi. Ili ngati sikelo ya ogula kachewere pamsika: siiwonjezera kanthu m'thumba, imangokuuzani kulemera kwake. Mumaiika pa master, pomwe mawu onse a nyimbo amakumana, kumapeto kwenikweni, mawu atadutsa kale mu limiter, chida choletsa nsonga za mawu kupyola malire.

Mita yobiriwira ya mu FL Studio imaonetsa nsonga za mawu, pomwe afika pamwamba penipeni. N'chifukwa chake nyimbo ziwiri zimatha kugunda 0 dB zonse, koma ina n'kumamveka mwamphamvu, ina ngati ikuimbidwa kuseri kwa phiri. Youlean imayeza ndi LUFS, muyeso wochokera pa ndondomeko ya ITU-R BS.1770 yomwe inatuluka mu 2006, ndipo umatsata mmene khutu limamvera: besi yapansi kwambiri suiwerengera mokwanira, mawu okwera umawapatsa kulemera kochulukirapo. Imakupatsani momentary, ya mamilisekondi 400, short term, ya masekondi 3, ndi integrated, ya nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine maso anga amakhala pa integrated ndi true peak, yomwe ndi nsonga yeniyeni ya mawu kuphatikizapo zomwe mita wamba siziona. Zinazo ndimangoziona modutsa.

Pomwe ndinaikondera ndi apa. Mnyamata wina anabwera ndi nyimbo yomwe anakajambulitsa kwina, akudandaula kuti pa foni ikuthetheka. Titaiyeza, integrated inali cha m'ma -6 LUFS, true peak itapyola 0. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, tayang'anani apa." Graph yake inali mzere umodzi wongoti tasa, vesi ndi kolasi osasiyana konse, kutanthauza kuti limiter inaphwanya zonse kuti nyimbo ikwere. Tinatenga nyimbo ya kunja yomwe iye amaikonda, n'kutsitsa zonse ziwiri mpaka zitafanana LUFS, kenako tinamvetsera mosinthanasinthana. Yakeyo kiki inalibe nkhonya, sineya inali ngati pepala. Anangogwira pakamwa. Kufotokoza ndi mawu okha sakanandikhulupirira, chifukwa khutu limanamiza: chilichonse chokwera limati ndiye chabwino.

Koma vuto lenileni limayambira pa maiki, kutali ndi master, ndipo apa ndikufuna mundimvetse. Ambiri timapotokola gain, chokwezera mawu olowa pa interface (kabokosi kolumikiza maiki ndi kompyuta), mpaka kanyali kofiira kayambe kuphethira, poganiza kuti mawu alowe amphamvu. Mawu akadutsa 0 dBFS, denga la mawu a mu kompyuta, polowa, nsonga zake zadulidwa, ndipo palibe pulagini yomwe ingazibwezere momwe zinalili. Kwaya ndiye yoopsa. Amayi a soprano amayamba mofatsa, koma mzimu ukawagwira pa kolasi yomaliza amakweza mawu kuposa momwe anayesera. Choncho ndisanajambule ndimapempha aphunzitsi a kwaya kuti, "Bambo, tiyambe ndi pomwe mumakweza kwambiri paja." Ndimatsitsa gain mpaka nsonga zizifika pa -12 kapena -10, mawu wamba azizungulira cha pa -18. Mukajambula pa 24-bit malo alipo ambiri, pafupifupi 144 dB papepala poyerekeza ndi 96 dB ya 16-bit, ndiye palibe chifukwa chokankhira kudenga. Phokoso la njinga zamoto pamsewu kapena mvula pa malata silichepa chifukwa mwakweza gain, limakwera limodzi ndi woimbayo.

Posakaniza n'chimodzimodzi. Ma sample ambiri a kiki ndi 808 amabwera ali kale pafupi ndi 0, ndiye muwatsitse musanayambe china chilichonse. Pulagini iliyonse yomwe mwaika, mawu atuluke pa mlingo womwe analowera, kuti muziweruza ngati yakometsadi kapena yangokweza. Master isanalowe mu limiter ndimasiya nsonga cha pa -6. Mukafuna kumva mokweza, kwezani sipika, osati ma fader.

Tsopano nkhani ya -14, yomwe mavidiyo a pa YouTube amailalikira ngati lamulo. N'zoona kuti Spotify imalinganiza nyimbo pa -14 LUFS, YouTube nayo imatsitsa zokwera kufika cha pomwepo, ndipo wailesi za ku Ulaya zimatsata -23 ya EBU R128. Koma nyimbo zathu zimayenda bwanji kuno? Pa flash, pa memory card, pa Bluetooth, pa WhatsApp. Zimalira mu chapa yopita ku Tete, m'mabaraka, pa ukwati. Kumeneko palibe makina olinganiza. Nyimbo yanu ya -14 ikabwera pambuyo pa amapiano kapena kizomba yokwera, dalaivala amangoidumpha. Ndiye ine nyimbo zovina ndimazifikitsa cha pa -10 kapena -9, makwaya ndimawasiya cha pa -13 kuti kufatsa ndi kukweza kwawo kuzimveka. Awa ndi maganizo anga, wina akhoza kusankha mwina. Chomwe sindisuntha ndi true peak: isapyole -1, ndipo nyimbo ikakhala yokwera chonchi -2 ndiye bwino, monga Spotify yomwe imalangizira. Mukasandutsa WAV kukhala MP3 nsonga zimakwerako, ndipo kuthetheka kwa pa timasipika ta foni nthawi zina kumachokera pamenepo.

Laputopu yanga siinalemedwe nayo, ndipo windo lake mukhoza kulikulitsa kapena kulichepetsa. Kuitsitsa pa intaneti sikunandithere bandulo. Zolembedwa zake ndi za Chingerezi, ndiye ife amene sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi timafunika kuleza mtima masiku oyamba, ngakhale kuti manambala ofunikawo ndi ochepa. Zina, monga kungoponyamo fayilo kuti iyezedwe nthawi yomweyo komanso ma preset a Spotify ndi anzake, zili mu ya ndalama. Kugula pa intaneti kumafuna khadi la kubanki lomwe ambiri tilibe, koma yaulereyi manambala imapereka onse omwe ndatchulawa, target mumangoisunga m'mutu.

Ndikuilimbikitsa kwa aliyense, makamaka inu amene mukuyamba kumene ndipo muli ndi mahedifoni okha. Mukaiika, muziyamba mwaipanga reset, kenako muimbe nyimbo yonse osaimitsa. Mukayeza kolasi yokha, integrated ikupatsani nambala yokwera kuposa ya nyimbo yeniyeniyo.