Executiva kapena económica: onyamuka kuno ku Tete, ndalama yanu ikugula chiyani?

Anzanga amene mumakaoda katundu ku Guangzhou ndi ku Dubai, komanso inu a ku migodi ya malasha ku Moatize, funso la mpando wa kutsogolo m'ndege limabwerabwera. Tikiti ya executiva, chigawo cha kutsogolocho, nthawi zambiri imadula kawiri, katatu, mwinanso kuposa pamenepo poyerekeza ndi ya económica, chigawo cha anthu wamba. Ine ndikuti musanatulutse ma meticais amenewo, funsani kaye ziwiri: mukwera ndege yanji, ndipo mukhala maola angati m'mwamba. Dzina la executiva ndi limodzi, koma zimene mupeze m'kati zimasiyana kutalitali.

Tiyambe ndi ulendo waufupi, wonyamukira pa bwalo la ndege la Chingodzi. Kupita ku Maputo pa LAM ndi maola awiri kapena kupitirira pang'ono, ku Johannesburg pa Airlink chimodzimodzi. Pa maulendo otere executiva imakupatsani mzere wanuwanu popereka zikwama, kulowa m'ndege poyamba, mpando wotakasuka, ndi chakudya cha pa mbale m'malo mwa ka paketi. Mpandowo umapendekera kumbuyo pang'ono, sugona. Ndege zina zing'onozing'ono zilibe n'komwe chigawo chimenechi. Ngati ikulipira ndi kampani, landirani ndi manja awiri, makamaka mu Okutobala pamene kutentha kwa mu Tete kumapyola madigiri 40 ndipo kuima pa mzere n'chilango. Koma ya m'thumba mwanu, ine sindingakulimbikitseni. Maola awiri munthu wathanzi amapirira. Amene ndingawagulire mosanyinyirika ndi agogo opita kuchipatala ku Maputo kapena ku Joni, kapena munthu amene wangochitidwa opaleshoni, woti mwendo wake usapindike nthawi yaitali.

Ulendo wautali ndi nkhani ina. Ife a ku Ulongwe ndi ku Domwe, Lilongwe ali pafupi kuposa mzinda wa Tete: mwadutsa pa Calómuè, mwalowa Dedza, tsiku lomwelo muli pa bwalo la Kamuzu. Kuchokera pamenepo Ethiopian Airlines imakutengerani ku Addis Ababa pafupifupi maola anayi, ndipo ndege zambiri za ku Asia zimanyamuka usiku pa Bole, bwalo la ndege la mumzindawo. Ya ku Guangzhou imatha maola khumi kapena kuposerapo. Apa m'pamene executiva, imene iwo amaitcha Cloud Nine, imaonetsa ntchito yake. M'ndege zikuluzikulu monga Airbus A350 ndi Boeing 787, mpando umatambasuka n'kukhala kama. Amakupatsani bulangete ndi pilo, mumadya nthawi yabwino, pali injera ndi ndiwo zawo za tsabola kwa ofuna kulawa, kenaka mumagona tulo tenitenu, miyendo ili chiongokere.

Taganizani za thupi limene lafika pamenepo. Mwadzuka m'bandakucha, mwakhala mu chapa mawondo ali pachifuwa, mwaima pa malire, mwadikira pa bwalo la ndege, mwauluka, mwadikiranso. Mukawonjeza usiku wonse wokhala tsonga mu económica, mumatera mapazi atatupa, mutu ukulemera ngati mwasenza thumba la mbatata ya ku Tsangano. Tsiku loyamba limathera m'hotela, chonsecho hotelayo mukulipira ndipo masiku a viza akuwerengeka. Wa executiva amatera n'kusamba, n'kupita kumsika tsiku lomwelo, nzeru zili m'malo mwake pokambirana mitengo. Kwa munthu wokagula katundu wodzaza kontena, kulakwitsa masamu chifukwa cha tulo kungamudyere zambiri kuposa kusiyana kwa matikiti awiriwo. Wokagula zikwama ziwiri za nsapato ndi mafoni, phindu lake lonse likhoza kuthera pa mpandowo, ndiye económica ndiyo yake.

Chipinda chodikirira cha Cloud Nine pa Bole nachonso n'chothandiza. Muli chakudya chotentha, khofi, intaneti, potchajira foni ndi mpando wabwino, pamene panja madzulo anthu amachita kuthithikana. Mukakhala ndi maola ambiri odikira, zimenezi si zazing'ono ayi.

Chenjerani ndi ichi. Tikiti imodzi ya executiva ikhoza kukhala ndi ndege ziwiri zosiyana. Ngati gawo lina la ulendo lili pa Boeing 737, kumeneko nthawi zambiri kulibe kama, ndi mpando wotakasuka basi. Ndipo ngakhale pakati pa ma 787, akale ena mipando yake imatsala yotsetsereka pang'ono. Mtundu wa ndege umalembedwa pamene mukusankha ulendo, kaya pa intaneti kaya kwa wogulitsa matikiti. Werengani, ndipo muyang'anenso tsiku likayandikira, chifukwa makampani amasintha ndege. Odzera ku Nairobi pa Kenya Airways achite chimodzimodzi: kama ali mu 787, osati m'ndege zing'onozing'ono zobwera kuno kum'mwera.

Za katundu anthu amakokomeza. Pa maulendo ambiri a Ethiopian, económica imalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23, executiva ziwiri za 32. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 18 okha. Ngati vuto lanu ndi katundu, funsani mtengo wa chikwama chowonjezera kapena tumizani pa kago, zimatchipa kuposa kugula mpando. Kumbukiraninso kuti chikwama cha makilogalamu 32 mudzachinyamula nokha pa Dedza, ndipo a kasitomu safunsa kuti munakhala kutsogolo kapena kumbuyo.

Pali njira ya pakati imene ndimaikonda. Gulani económica, kenaka yesani kukwezedwa pa gawo la usiku lokhalo. Makampani ambiri amatumiza uthenga masiku ochepa ulendo usanafike woti mutchule ndalama imene mungawonjezere, ndipo oyenda pafupipafupi angagwiritse ntchito mapointi a ShebaMiles, amene Ethiopian imapereka kwa okwera ndege zake. Sizitheka nthawi zonse, mipando ikadzaza yadzaza. Zikakanika, lipirani pang'ono mpando wa pa khomo la ngozi kapena wa m'mbali mwa kanjira, kuti muzidzuka n'kuwongola miyendo pakapita maola awiri aliwonse.