Power BI pakampani yathu: momwe zilili chaka chikuyandikira kutha

Titangoyamba kugwiritsa ntchito Power BI, pulogalamu ya Microsoft yosonkhanitsa manambala a kampani n'kupanga malipoti ndi machati, ndinalemba mawu ochepa oiyamikira: kuti imakoka manambala ku Excel ndi kupulogalamu ya akaunti popanda vuto, kuti machati ake amaoneka bwino, ndiponso kuti mabwana amatha kuona lipoti pafoni ali paulendo. Zonsezo zikadali zoona. Koma anthu angapo andifunsa ngati yathetsa vuto lomwe tinaigulira, ndipo yankho lake ndi lalitaliko.

Kampani yathu imagulitsa katundu wa m'magolosale mopikulitsa: shuga, mafuta ophikira, sopo ndi zina zotero. Tili ndi madepoti ku Limbe, ku Kanengo ndi ku Mzuzu. Vuto lathu silinali kusowa kwa manambala. Analipo ambirimbiri, koma aliyense anali ndi ake. A ku akaunti anali ndi pulogalamu yawo. Depoti iliyonse inali ndi fayilo yake ya Excel, yokonzedwa mmene mwini wake anaonera. Anyamata ogulitsa amalandira maoda pa WhatsApp. Ndalama zimalowera kubanki, ku Airtel Money, ku Mpamba, zina pamanja. Ndiye pamsonkhano wa Lolemba bwana wamkulu akafunsa kuti sabata yatha tagulitsa zingati, pamatuluka mayankho atatu, ndipo nthawi yonse imathera pa kukangana kuti nambala yoona ndi ya ndani. Nkhani yoti tioda chiyani, titumiza kuti, inkakambidwa mothamanga anthu ataimirira kale.

Zotsatira zake sizinkaoneka ngati vuto la makompyuta. Ku Mzuzu mafuta ankatha, n'kuodanso ena, pomwe ku Kanengo makatoni ali mbwee osayenda. Kasitomala yemwe ali ndi ngongole ku Limbe ankatha kutenganso katundu pangongole ku Lilongwe, chifukwa dzina la golosale yake linalembedwa mosiyana pang'ono. Palibe ankaba, palibe ankanama. Aliyense ankanena zoona za mufayilo yake.

Power BI itabwera, miyezi yoyambirira zinthu zinaoneka ngati zaipiraipira. Kale kusagwirizana kwa manambala kunkabisala m'mafayilo osiyana. Tsopano kunali pasikirini imodzi, aliyense akuona. Botolo limodzi la mafuta a malita awiri linkatuluka ngati katundu wa mitundu ingapo, chifukwa depoti ina imawerenga makatoni, ina mabotolo, ndipo ina inalemba dzina mwachidule. Pulogalamuyo imaphatikiza chomwe mwaipatsa, siifunsa mafunso. Ena mwa mabwana anayamba kunena kuti makinawo ndi abodza, n'kubwerera kumafayilo awo akale.

Ntchito yeniyeni inayambira pamenepo, ndipo mbali yake yaikulu sinali ya pakompyuta. Tinayenera kukhala pansi n'kupatsa katundu aliyense nambala imodzi yogwira ntchito m'madepoti onse. Tinayenera kukonza mndandanda umodzi wa makasitomala. Apa Power Query, chida chokonzera deta chomwe chili mkati mwa Power BI, chinathandiza: chili ndi njira yofananitsa mayina olembedwa mosiyana pang'ono, yotchedwa fuzzy matching. Koma musaikhulupirire yokha. Mayina a magolosale kuno amafanana kwambiri, moti njirayi ikhoza kulumikiza mashopu awiri a eni osiyana. Makasitomala akuluakulu tinawazindikira ndi nambala yawo ya msonkho ya ku MRA. Ang'onoang'ono tinadalira nambala ya foni ndi maso a anyamata ogulitsa, omwe amawadziwa pankhope.

Chovuta kuposa zonse chinali kugwirizana kuti malonda amawerengedwa liti. Wogulitsa amati wagulitsa kasitomala akangovomera oda. Wa kudepoti amati katundu akakwera lole. Wa ku akaunti amadikira invoisi, ndipo mtima wake umakhala pansi ndalama zikalowa. Onsewa ali ndi zifukwa zomveka, ndipo kumbuyo kwa mkanganowo kuli komishoni ya anthu, n'chifukwa chake unatentha. Anaudula ndi bwana wamkulu: lipoti la kampani liziyendera invoisi, maoda ndi ndalama zolowa zizioneka padera. Popanda munthu wa mphamvu zotero kulamula, tikanakhala tikukanganabe mpaka lero, laisensi tikulipira.

Ndinaphunziranso kuti fayilo ya Excel ndi mpando. Woyang'anira depoti amene yekha amadziwa zomwe zili m'sitolo yake amafunsidwa, amapemphedwa, amalemekezedwa. Mukamuuza kuti manambala ake azioneka kwa onse, simukumupempha fayilo chabe. Chomwe chinafewetsa mitima ndi row-level security, njira yochititsa kuti aliyense aziona za depoti yake yokha pomwe likulu likuona zonse. Pambuyo pake iwo eni anapempha kuti aziona katundu wa anzawo, atazindikira kuti kubwerekana makatoni n'kwachangu kuposa kudikira oda yatsopano.

Wina angaganize kuti awa ndi mavuto a makampani a kuno okha. Ayi. Target, kampani yaikulu ya masitolo ya ku America, inalowa m'dziko la Canada mu 2013 ndipo mu January 2015 inalengeza kuti ikutseka masitolo ake onse 133 kumeneko. Zifukwa zinali zingapo, koma chimodzi chachikulu chinali deta yolakwika ya katundu yomwe inalowetsedwa m'makina atsopano: miyeso ndi zina zotero. Nyumba zosungiramo katundu zinadzaza pomwe mashelefu m'masitolo anali opanda kanthu. Ndi nkhani ya mafuta a ku Kanengo ndi ku Mzuzu yomweyo, kungoti ya madola ochuluka zedi.

Za pulogalamu yeniyeniyo ndinena mwachidule. Power BI Desktop, yopangira malipoti, ndi yaulere koma imayenda pa Windows pokha. Kuti mugawane malipoti ndi anzanu pamafunika laisensi ya Pro, yomwe kuyambira April 2025 mtengo wake ndi madola 14 pamwezi munthu mmodzi, kuchoka pa madola 10. Kwa ife olipira ndi kwacha, yomwe inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mndandanda wa oyenera laisensi timauyang'ana kawirikawiri. Pa Pro, lipoti limatha kukoka lokha deta yatsopano mpaka kasanu ndi katatu patsiku, ndipo kwa ife n'zokwanira. Ngati deta yanu ili pa seva ya muofesi, pamafunika gateway, pulogalamu yolumikiza sevayo ndi Power BI ya pa intaneti, ndipo kompyuta yake iyenera kukhala yoyaka ndi intaneti nthawi zonse. Yathu tinaiika pa batire chifukwa magetsi akazima lipoti la mmawa linkasonyeza za dzulo. Chilankhulo chake cholembera masamu, DAX, chimaoneka ngati mafomula a Excel koma chimaganiza mwanjira ina, moti munthu wodziwa Excel asadzinamize kuti achidziwa sabata imodzi.

Kodi ndingailimbikitse? Inde, kwa kampani yomwe ili ndi nthambi zingapo ndiponso bwana wokonzeka kulamula kuti nambala ya katundu ndi imodzi. Msonkhano wathu wa Lolemba tsopano umakamba za maoda ndi ngongole, ndipo kasitomala wa ngongole ku Limbe amaoneka ku Lilongwe asanapakire katundu. Ngati bwana wotero mulibe, ndalamazo yambani mwalipira munthu woti akonze mndandanda wa katundu ndi wa makasitomala mu Excel yomweyo.

Chomwe sichinathekebe ndi maoda a pa WhatsApp. Kasitomala akafuna shuga ife tilibe, wogulitsa amangoyankha kuti watha, nkhani n'kuthera mufoni mwake. Lipoti lathu limaonetsa zomwe tagulitsa, koma siliona zomwe tikanagulitsa, ndipo oda ya mwezi wamawa timaipanga potengera manambala operewerawo. Tayamba kuyesa fomu yaing'ono yapafoni yoti ogulitsa azilembamo oda iliyonse, ngakhale yolephereka. Pakadali pano a ku Mzuzu akuilemba, a ku Limbe akuti imawachedwetsa.