Ndemanga: bokosi lachiwiri la magetsi m'galimoto yathu yogonamo

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa bambo wamagetsi amene anatigwirira ntchito imeneyi kuno ku Leeds, ku England. Ndadikira dala kuti tiyambe tayenda nayo galimotoyi chilimwe chonse ndisanalembe chilichonse.

Ine ndi mayi akunyumba tinagula galimoto yogonamo yogwiritsidwa kale ntchito. Mwini wake woyamba anaikamo inveta (chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a 230V ngati a m'nyumba) ya mawati 2,000, n'kulumikizako chilichonse cha 230V: masoketi, giza, hita, firiji, ngakhalenso chaja ya batire. Tikafika pamalo ogona pamene pali magetsi, zonse zinkayenda bwino. Vuto linkabwera tikaima kopanda magetsi. Usiku wina ku Lake District batire linatheratu kusanache, ana ali m'tulo, kunja kukuzizira koopsa. Ine ndinangoti batire lafa, ndipo ndinatsala pang'ono kugula lina.

Bambowa atayang'ana mawaya, sanachedwe kupeza gwero lake. Inveta inkakoka mphamvu m'batire, chaja n'kukoka ku inveta, kenako n'kubwezera m'batire lomwelo. Zinali ngati kutunga madzi mumtsuko n'kumawathiranso momwemo, ena akutayikira pansi ulendo uliwonse. Pamwamba pa izo, giza naye ankadya za batire lomwelo tikaiwala kumuzimitsa.

Mankhwala ake anali kabokosi kachiwiri ka ma MCB (maswichi odzizimitsa okha magetsi akachuluka pa waya) kamene kamalandira magetsi a pamalo ogona okha basi. Magetsi akalowa pa pulagi ya buluu ya 16A (ma ampu 16) yolumikizapo chingwe chakunja, amadutsa kaye pa RCD ya 30mA, swichi yoteteza munthu imene imadula magetsi akayamba kutayikira kumene sakuyenera, kenako amagawikana pawiri asanafike pa inveta. Njira imodzi imapita ku inveta ndi masoketi. Inayo imapita ku kabokosi katsopanoka, komwe kuli giza, hita, chaja ndi mbali ya 230V ya firiji. Mukangozula chingwe chakunja, kabokosi kameneka kamazima konse, ndipo inveta ilibe njira yofikirako ngakhale munthu aiwale bwanji swichi. Chimenechi ndicho chandisangalatsa kwambiri. Sitidaliranso kukumbukira kwa munthu wotopa ndi ulendo.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro ndi mmene ankafotokozera pogwira ntchito. Anandionetsa kuti mawaya a neutral (obwererapo magetsi) a bokosi lakale ndi latsopanoli sayenera kukhudzana, chifukwa akasakanikirana RCD imangogwa popanda chifukwa chooneka, mwinanso magetsi a inveta n'kubwerera kumene sakuyenera. Anachotsa waya wolimba wa m'nyumba amene mwini wakale anagwiritsa ntchito, n'kuikamo wofewa wa timawaya tambirimbiri, poti galimoto imagwedezeka pamsewu ndipo waya wolimba umatha kuthyoka kapena kumasuka polumikizira. Ma MCB anaika odula live (waya wobweretsa magetsi) ndi neutral pamodzi, monga likunenera gawo 721 la BS 7671, malamulo a ku Britain oikira mawaya a magetsi. Izi ndinazimvetsa bwino titapita ku France, kumene pamalo ena ogona live ndi neutral zimabwera zitasinthana. Waya wa chitetezo, wa earth, anaumanganso ku chitsulo cha galimoto. Pomaliza anayeza RCD ndi mita yake ine ndikuona, n'kundipatsa chikalata cha zimene wayeza.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa zitatu, ndipo chachikulu ndi ichi. Sanatichenjeze kuti bokosi latsopano siliwonjezera mphamvu ya magetsi. Pamalo opereka 16A muli ndi mawati pafupifupi 3,680, koma malo ambiri amapereka 10A, omwe ndi mawati 2,300 okha, ndipo ku France tinapeza ena a 6A. Ulendo wathu woyamba hita ili yoyaka, giza akutenthetsa madzi, mayi anayatsa ketulo ya kunyumba ya mawati 3,000, magetsi n'kuthima nthawi yomweyo pa chipilala chakunja pamene tinalumikiza chingwe chathu. Ndinatuluka mumvula kukadzutsa swichi, mtima uli m'mwamba poganiza kuti ntchito yonse yapsa. Munthu wodziwa ngati iyeyu akanatiuza zimenezi m'mawu awiri okha. Tsopano tinagula ketulo yaing'ono ya paulendo, ndipo hita timaichepetsa tikafuna kuphika tiyi.

Zinazo n'zazing'ono. Anasintha tsiku lobwera kawiri, ndipo mayina a ma MCB analemba ndi cholembera chimene chayamba kale kufufutika, moti ndachita kumata timapepala tanga.

Kwa abale amene munazolowera kulumikiza nokha inveta kumudzi magetsi akathima, ndikupempheni kuti iyi yokha musaiyese nokha. Mapulagi a ku Malawi ndi a kuno ndi ofanana, 230V ndi yomweyo, koma m'galimoto mumagona mozunguliridwa ndi chitsulo, pansi pali udzu wonyowa, ndipo magetsi akuchokera mbali ziwiri. Bambowa anandilangiza kudina batani loyesera RCD nthawi iliyonse tikalumikiza chingwe, komanso kuyezetsa mawaya onse pasanathe zaka zitatu. Nthawiyo ikakwana ndidzawaitananso iwo omwewa.

Mwezi watha tinagona masiku awiri ku Yorkshire Dales popanda chingwe, firiji ili pa gasi, ndipo m'mawa wachitatu batire linali likadali ndi mphamvu yoyatsa magetsi ndi kutchaja mafoni a ana.