Vinyo wa pa lesitilanti ina ya ku Senga Bay: woyera gulani, wofiira yambani mwaona botolo

Malowa ndi apamwamba ndithu, ndipo chambo chawo chowotcha sitinachipezere chifukwa. Ndemanga ino ndi ya vinyo basi. Tinayesa mabotolo anayi ndi matambula awiri.

Mndandanda wawo, pafupifupi wonse, ndi wa ku South Africa, monga zilili m'mahotela ambiri kuno: wa kumadera a Stellenbosch, Paarl, Robertson, ndi mtundu umodzi wa ku Elgin. Analemba dzina la munda ndi mtundu wa mphesa, koma chaka sanalembe, ndipo limenelo ndi vuto. Mwachitsanzo, vinyo woyera wa Sauvignon Blanc amakoma akadali wamng'ono, chaka chimodzi kapena ziwiri chikololereni mphesa. Akapitirira pamenepo fungo lake limazilala. Choncho pemphani botolo mulione lisanatsekulidwe. Pakhosi pake payenera kukhala kachidindo kotsimikizira za Wine of Origin, ndondomeko yomwe South Africa inayamba mu 1973, yosonyeza kuti dera, chaka ndi mtundu wa mphesa zolembedwazo ndi zoona. Mabotolo onse anayi anali nako.

Chenin Blanc ndiye wotipatsa chimwemwe. Ndi wosatsekemera, wowawasa pang'ono ngati ndimu, ndipo kuwawasako kumatsuka mafuta a chambo m'kamwa. Anabwera m'ndowa ya ayezi ali pa madigiri pafupifupi 9, momwe vinyo woyera amafunikira, pakati pa 8 ndi 12. Mtengo wake ndi wowirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi wa m'masitolo a ku Lilongwe. Pa malo ngati awa zimenezo n'zomveka, chifukwa mukulipiranso furiji, jenereta ndi matambula abwino. Cap Classique, vinyo wathovu uja amene amawira kachiwiri ali m'botolo momwemo, analinso bwino, ndipo amayenderana ndi usipa wokazinga kuposa momwe ambiri angaganizire.

Wofiira ndiye watikhumudwitsa, ndipo chifukwa chake chili poyera. Mabotolo amawaimika pa shelefu kuseri kwa bala, pafupi ndi denga, kuti makasitomala aziwaona. Vinyo amafuna malo amdima, ozizira, madigiri 12 mpaka 15 osasinthasintha. Ku Salima mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 30 tsiku ndi tsiku. Vinyo akatenthedwa amafufuma m'botolo, amakankha cork (chotsekera botolo), mpweya n'kulowa. Pinotage yemwe anatipatsa anali ndi zizindikiro zonse: cork itatumphuka pang'ono, madontho ouma omata pansi pa chikutiro, mtundu wopita ku khofi m'mphepete mwa tambula, ndi kakomedwe ka jamu wopserera. N'zachisoni, chifukwa Pinotage ndi mphesa ya ku South Africa komweko, yomwe Abraham Perold anaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo akasungidwa bwino amayenderana kwambiri ndi nyama yambuzi yowotcha. Titadandaula, mlongo amene amatiperekera anasintha botolo popanda mkangano. Pamenepo tiwayamikire. Cabernet Sauvignon wolowa m'malo anali wosawonongeka koma wofunda, mowa wake ukuluma pakhosi. Mphindi 15 m'ndowa ya ayezi zinamubwezera pa madigiri 16 mpaka 18, ndipo anasintha n'kukhala wokoma. Musachite manyazi kupempha ayezi wa vinyo wofiira kunyanja kuno, bola akhale m'ndowa, osati m'tambula.

Komanso Cabernet musamumwe podya nsomba. Amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa, ndipo akakumana ndi mafuta a chambo kapena kampango kumamveka ngati mwanyambita chitsulo.

Za vinyo wa pa tambula, werengerani nokha. Botolo ndi mamililita 750, tambula yawo ndi 150, ndiye botolo limatulutsa matambula asanu. Iwo tambula imodzi akuigulitsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa botolo. Anthu awiri omwa matambula awiri aliyense alipira kuposa botolo lathunthu. Chinanso, tambula ya vinyo wofiira wa Merlot inali yozimirira, ikununkhira viniga chapatali. Botolo likatsekulidwa limakhala bwino masiku awiri kapena atatu ngati lili lotseka mu furiji, osati sabata pa shelefu. Funsani tsiku lomwe linatsekulidwa.

Kwa eni ake tikupempha zitatu zosafuna ndalama zambiri: lembani zaka pa mndandanda, lembani tsiku ndi cholembera pa botolo lililonse lotsekulidwa, ndipo mabotolo ofiira muwagoneke m'chipinda chozizira, pa shelefu pakhale mabotolo opanda kanthu okongoletsera. Lembaninso poyera ngati mitengoyo ikuphatikiza kale msonkho, chifukwa bilu inabwera yokwererapo kuposa zomwe zinalembedwa.

Tikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Mukapitako, tengani botolo la Chenin Blanc ndi chambo chowotcha.