Nyama ya soya ya m'mapaketi: kodi wankhuli angaikhute pa mgonero?

Pa okala, m'grosale ngakhale m'sitolo zikuluzikulu za m'tauni simusowa soya pieces, imene ambiri timangoti nyama ya soya. Ndi ndiwo yotsika mtengo, siifuna firiji, ndipo siichedwa kupsa. Koma mbiri yake m'makomo ambiri si yabwino. Amene anaidya kusukulu yogonera komweko, itangowiritsidwa ndi mchere ndi tomato mmodzi, safuna n'kuiona komwe. Tsono pakhomo pakakhala munthu wankhuli, amene kwa iye mgonero wopanda fupa si mgonero, kodi ndiwo imeneyi ingalowe m'malo mwa nyama kawiri kapena katatu pa sabata mbale osabwerera yodzaza? Ife tikuti ingathe, ndipo ndi yoyenera kugula. Koma zonse zagona pa kaphikidwe, ndipo malangizo afupiafupi a kuseri kwa paketi sakwanira.

Kuti muiphike bwino, yambani mwadziwa chimene mwagula. Soya, amene amalimidwa kwambiri ku Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Dedza, amamufinya kaye kuti atulutse mafuta ophikira. Zotsalazo amazigaya, ufawo n'kuukankha m'makina otentha kwambiri, ndipo potuluka umafufuma n'kukhala tizidutswa todzaza ndi timabowo. Zotsatira zake ndi ziwiri. Mapulotini amakhala ochuluka, pafupifupi theka la kulemera kwa tizidutswa touma: magalamu 100 amakhala ndi mapulotini okwana ngati magalamu 50, pamene nyama ya ng'ombe yaiwisi yolemera chimodzimodzi ili ndi magalamu 20 kapena kupitirira pang'ono. Koma mafuta mulibe, anatsala kufakitale, ndipo mafutawo ndi amene amakometsa nyama yeniyeni. Wankhuli akamati soya n'ngozizira m'kamwa, kwenikweni akudandaula mafuta.

Nambala ya 50 ija isakupusitseni. Tizidutswati timamwa madzi olemera kuwirikiza kawiri kapena katatu, choncho tikanyowa mapulotini amatsika kufika pakati pa magalamu 12 ndi 17 pa magalamu 100 alionse. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 65 amafunika magalamu 52 patsiku. Banja la anthu asanu likaphika magalamu 200 ouma, aliyense amapeza magalamu 20, ofanana ndi nthuli zingapo za ng'ombe. Cholakwika chofala n'kutenga kapaketi kamodzi kakang'ono, kuthira madzi ambiri kuti msuzi ukwanire anthu asanu ndi mmodzi, kenako n'kumadabwa kuti anthu akumva njala usiku. Werengani kulemera kwa paketi, muwerengenso mapulotini amene alembapo, chifukwa mapaketi okhala ndi zokometsera amalemera ndi mchere ndi ufa wina, ndipo nambala yake imatsikako.

Zodandaula zina ziwiri ndi fungo la nyemba ndi kutupa kwa mimba. Zonsezi mankhwala ake ndi madzi otentha. Soya ali ndi mitundu ina ya shuga imene matumbo athu sagaya, ndiyo imabweretsa mpweya, koma imasungunuka m'madzi. Ikani magalamu 200 m'beseni, thirani lita imodzi ndi theka ya madzi ongowira kumene, muvindikire. Tizidutswa tikulutikulu timafuna mphindi 10, tating'ono mphindi 5. Mukapitirira apo timalobodoka n'kumaphwanyika m'poto. Tayani madziwo, tsukuluzani kawiri ndi madzi ozizira, kenako finyani ndi manja mwamphamvu, pang'onopang'ono, mpaka madzi atasiya kudontha. Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, ndipo ndi pamene ndiwo imaonongekera. Kachidutswa kodzaza madzi sikangamwe msuzi, sikangapsererenso m'mafuta. Ngati zokometsera zasakanikirana ndi tizidutswa m'paketimo, sefani kaye muike ufawo padera musananyike, apo ayi wonse upita ndi madzi.

Mukafinya, thirani zokometsera nthawi yomweyo timabowo tikadali topanda kanthu: theka la supuni yaing'ono ya mchere, timagawo titatu ta adyo tosinja, jinja wosinja wamkulu ngati chala chachikulu, supuni yaing'ono ya ufa wa kale (curry), ndi supuni yaikulu ya madzi a ndimu. Sakanizani ndi manja, musiye mphindi 10.

Kukazinga ndiye mutu wa nkhani. Pamafunika masupuni aakulu anayi a mafuta, chiwaya kapena poto wotakata pansi, ndi moto wamphamvu. Pa mbaula dikirani makala ayake onse. Kazingani magawo awiri, osati zonse pamodzi, chifukwa mukadzaza poto mafuta amazizira, nthunzi imachuluka, ndipo m'malo mokazinga mumakhala mukuwiritsa. Mukathira m'mafuta musatakase kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mumve phokoso lothetheka, muone m'mbali mwa tizidutswa mukuyamba kufiira, ndiye mutembenuze. Pakatha mphindi 6 mpaka 8 timakhala tofiirira, tolimba kunja, tofewa mkati, ndipo fungo la nyemba lija limakhala litasanduka lokhala ngati la mtedza wokazinga. Kupserera kwa kunjaku ndi komwe kumapatsa nyama yootcha kukoma kwake, ndipo palibe ufa wa m'kasacheti umene ungalowe m'malo mwake.

Kwa wankhuli, tsiku loyamba imirani pomwepa. Wazani tsabola wa kambuzi wosinja ndi mchere, finyirani ndimu, ikani anyezi ndi tomato waiwisi wodula mopyapyala pambali, mupereke ndi tchipisi kapena mbatata yootcha monga kanyenya. Ndipo musamunamize kuti ndi nyama. Lilime lake lizindikira pa nthongo yoyamba, ndipo akangoona kuti mwamupusitsa sadzalawanso. Muuzeni kuti ndi soya wokazinga, aiweruze monga soya.

Ya nsima imapitirira motere. Chotsani tizidutswato, m'poto momwemo kazingani anyezi awiri mpaka afiire, zomwe zimatenga mphindi ngati 8. Anyezi woyera wongofewa sapereka kukoma kokwanira. Thirani tomato anayi wakupsa bwino, aphikike mpaka mafuta ayandame pamwamba. Onjezani theka la kapu ya madzi, bwezerani soya, muchepetse moto kwa mphindi 8 kapena 10. Ufa wa m'paketi uja thirani theka lokha, mulawe, chifukwa mchere wake ndi wambiri ndipo kukoma kwake kumafanana m'mapaketi onse, kaya alembapo nkhuku kaya ng'ombe. Msuzi ukhale wogwira, wokakamira ku nthongo.

Pa zonse, kaphikidwe kamene timakaika patsogolo ndi kotendera, chifukwa nsinjiro zimabwezera mafuta amene soya anataya. Theka la kapu ya nsinjiro, pafupifupi magalamu 60, limaonjezeranso magalamu 15 a mapulotini. Zisungunuleni kaye m'kapu ya madzi ozizira kuti zisachite mibulu, muthire m'msuzi wa tomato uja, muzitakasa pa moto wochepa kwa mphindi 10 mpaka fungo la mtedza wauwisi litatha. Mukazisiya zokha zimakhala pansi n'kupserera, ndipo ndiwo yonse imawawa. Soya wokazinga alowe mphindi 5 zomaliza kuti asataye kulimba kwake. Mukaikamo mpiru kapena nkhwani wodula, ndiwo ziwiri zakwana m'poto mmodzi.

Nyengo ya dzinja, bowa wa utale kapena manyame amagwirizana kwambiri ndi soya. Bowa alibe mapulotini ochuluka, koma ali ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kumene soya alibe. Mukazinge payekha mpaka madzi ake aphwere musanasakanize. Ngati ndi wouma, madzi onyikira aja musataye: asefeni pa kansalu koyera kuchotsa mchenga, akhale madzi a msuzi. Bowa akhale wa mtundu umene mukuudziwa bwino.

Pamene soya wachepa, nyemba zimathandiza. Kapu ya nyemba zophika ili ndi mapulotini okwana ngati magalamu 15, ndiye magalamu 100 a soya ndi makapu atatu a nyemba, khobwe kapena nandolo zimapatsa anthu asanu pafupifupi magalamu 19 aliyense. Izi zimakoma ndi mpunga wa Kilombero. Nsima nayo imapindula, pakuti chimanga chimaperewera lysine, chimodzi mwa zomangira mapulotini, pamene soya ndi nyemba zili naye wambiri. N'chifukwa chake Likuni Phala amasakaniza chimanga ndi soya.

Pali zina zimene ndiwo imeneyi singachite, ndipo tizinene poyera. Ilibe fupa, ilibe mafuta osungunuka m'kamwa, ndipo ngakhale mutaiphika mwaluso chotani siifika pa mbuzi ya mphika kapena nkhuku ya lokolo. Mwachilengedwe ilibenso vitamini B12, amene amafunika ku magazi ndi mitsempha ndipo amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama. Banja limene likusiyiratu nyama lisasiye mazira, mkaka ndi chambiko. Dzira limodzi lowiritsa loika m'msuzi limaonjezeranso magalamu 6 a mapulotini, ndipo kwa wankhuli limaoneka ngati kanthu kogwirika m'mbale. Ayironi alimo, koma thupi limamutenga movutikira kusiyana ndi wa m'nyama. Tomato, ndimu kapena bwemba pa chakudya chomwecho zimathandiza, pamene tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsa. Pali anthu ena, makamaka ana, amene thupi lawo limadana ndi soya. Wina akatuluka ziwengo, kutupa milomo kapena kubanika atadya, apite kuchipatala msanga ndipo asapatsidwenso.

Pogula, sankhani tizidutswa tikulutikulu ngati mukufuna zotafuna, tating'ono ngati mukusakaniza ndi nyemba kapena kuika m'masamusa. Opanda zokometsera, akapezeka, ndi abwino kuposa okometsera, makamaka pakhomo pamene pali wodwala BP, chifukwa mchere mumauyeza nokha. Gwedezani paketi: mumve phokoso la zouma, ndipo pansi pasakhale ufa wambiri, chizindikiro chakuti zaphwanyika. Onani deti, mukane paketi yobooka kapena yokhala padzuwa. Mukatsegula, zotsala ikani m'botolo lotseka bwino, malo ouma. Koma zikanyowa kapena kuphikidwa zimaonongeka msanga ngati nyama yomwe, makamaka zotendera, ndiye popanda firiji phikani zongokwana mgonero umenewo.